Nyumba ya Banki Ikudontha

Linah ankakoka matumba a nshawa, mtedza wake wogulitsa, kuwachotsa pamene pankadontha, mwamuna wake Amock akulowa ndi ambulera m'manja. Mvula inali itagwa kuyambira m'mawa, ndipo denga linkatulutsa madzi malo ochuluka kuposa mabeseni a m'nyumbamo.

"Malata ali kuti, awiske Precious?" anafunsa Linah osaweramuka, akumutchula m'Chitumbuka monga bambo wa mwana wawo.

Amock anayamba kaye wavula nsapato, n'kuziyang'ana kunsi.

"Ndafunsa za malata. Munati mupita ku Chipata kukagula."

"Ku Chipata ndinafika, anyina Precious. Koma nditaona mitengo, ndinaganiza bwino. Ndalama ija ndasiya kubanki. Ngongole yatsikako ndithu."

Linah anasiya thumba n'kukhala pomwepo. Ndalamayo inali yake, ya nshawa zimene ankakagula kumidzi ya kwa Mwase n'kumagulitsa pamsika.

Nyumbayo inali ya khonsolo. M'chaka cha 1996 nyumba zoterezi zitayamba kugulitsidwa kwa okhalamo, Amock, yemwe anali kalaliki pa boma la Lundazi, anakongola kubanki n'kuigula. Anagwirizana kuti azibweza pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Koma chiwongoladzanja chinkangokwera, ndipo kumaofesi anthu ankachotsedwa ntchito. Amock anachita mantha. Anayamba kupereka zoposa zimene banki inkafuna. Shuga anatha m'nyumba. Njinga inagulitsidwa. Precious, mwana wawo woyamba, ankapita kusukulu ndi nsapato zodula kutsogolo kuti zala zipeze malo.

"Inu simuona patali," anatero Amock. "Adada atapuma nchito, katundu wathu anatulutsidwa m'nyumba ya boma ine ndikuona. Tinagona pakhonde la chalichi. Ana anga sadzaona zimenezo."

"Ana anu akugona m'madzi lelo lomwe! Kodi a banki anakudandaulilani kuti muwonjezele?"

"Sanadandaule. Amandilandila bwino kwambili, mpaka mpando amandipatsa."

"Nanga alekelenji? Kwawo sikudontha."

Kutacha, Linah anamasula matumba. Awiri anali atanyowa mpaka pansi, nshawa zitayamba kununkha nkhungu. Anaziyanika pamphasa, koma ankadziwa kuti pamsika palibe angazigule. Sanalire. Anamanga chitenje n'kupita kumsika chimanjamanja.

Kumeneko anapeza Fletcher Banda, wamalonda wa ku Kasungu amene ankabweretsa nsalu, sopo ndi shuga. Ankakangana ndi mlonda wa pamsika chifukwa mabelo ake awiri anali atabedwa m'shedi.

"Mayi, mundithandize," anatero Fletcher atamuona. "Kulibe munthu wa chipinda chokhoma bwino kuno? Ndilipira."

Linah anamuyandikira.

"Chipinda chilipo, chachikulu, chitseko cholimba. Koma ndalama sindifuna. M'nyumba mwanga ndalama ikalowa imakwela basi ya ku Chipata. Mukhome malata atsopano pamwamba pake, ndiye lendi yanu mpaka mvula ithe."

Loweruka Amock anapita kumaliro kudera la kwa Magodi. Pobwerera Lolemba madzulo, anaona denga lake likunyezimira mbali imodzi. Anathamangira m'nyumba n'kuima pakhomo. Pabalaza panali mabelo mpaka kudenga, ndi makatoni a sopo pamene pankakhala mpando wake. Mpandowo unali kukhichini, pafupi ndi makala.

"Anyina Precious! N'chiyani ichi?"

"Monile, awiske Precious. Mwayenda uli? Awo ndi akatundu a a Banda. Abweleka balaza."

"Ndani wawalola? M'nyumba mwanga?"

"Mwanu? Si inu mumanena tsiku lililonse kuti nyumba ino ndi ya banki mpaka mutatsiliza? Ndiye ndati poti eni ake ali ku Chipata, sangadandaule."

"Nanga alendo akabwela tiwakhazika pati? Akulu a mpingo?"

"Pamene tinali kuwakhazika kale, pakati pa mabeseni."

Amock anatuluka, anazungulira nyumba, anabweranso. Anafuna kukatulutsa mabelo, koma malata anali atakhomedwa kale ndipo analibe choti abwezere mwini wake. Anadyera kukhichini, mbale ili pamaondo.

Mvula inabweranso Lachinayi masana, yamphepo. Amock anafika kuchokera kuntchito atanyowa, n'kupeza kuchipinda kwawo matiresi ataimikidwa kukhoma, madzi akuyenderera pansi. Anaitana ana, osayankha. Atatsegula chitseko cha pabalaza anawapeza onse atatu atakwera pamwamba pa mabelo a Fletcher. Precious ankalemba za kusukulu buku lili pakatoni ya sopo, ang'ono awiri atagona tulo. Pansi panali gwa, pouma.

"Adada, bwelani," anatero Precious. "Kuno sikudontha."

Amock anaima pakhomopo nthawi yaitali, madzi akutsika m'buluku lake. M'nyumba yonse imene ankaivutikira, malo ouma anali okhawo a sopo wa munthu wina.

Mwezi utatha, analandira malipiro n'kubwera nawo kunyumba. Anapatula ya banki, yokhayo imene anagwirizana, n'kuiika m'thumba la malaya. Yotsalayo anaigwira m'manja, akuiyang'ana ngati ikumupweteka.

"Mukudziwa kuti izi zitichedwetsa? Mwina chaka chathunthu."

"Tidzachedwa tili ouma," anayankha Linah.

"Nanga akandichotsa nchito?"

"Ndidzagulitsa nshawa, ngati simudzazinyowetsanso."

Amock anapumira m'mwamba n'kumupatsa ndalamayo. Linah anaimanga pamfundo ya chitenje, n'kumanganso kachiwiri.

"Mawa ku Chipata tipitila limodzi kukagula malata," anatero. "Inu mukalowe kubanki, ine ndikadikile pakhomo. Akakupatsani mpando, musakhale."