Zitenje Ziwiri za Doreen

Doreen wa ku Machinjiri anali asanaonepo madzi oposa a mtsinje wa Lunzu. Ndiye mwamuna wake, Bonifasi, atanena kuti pa Tsiku la Anakubala apita kunyanja ku Mangochi ndi anzake akuntchito, n'kukakweranso boti, mtima wake unadumpha kawiri: koyamba ndi chimwemwe, kachiwiri ndi nkhawa. Nanga Lonjezo, mwana wa miyezi isanu ndi inayi, akamusunga bwanji pamadzi?

Nzeru anaipeza msanga. Mwana sagwa kumsana kwa amake. M'minibasi za ku Limbe sanagwe, pamaliro sanagwe, kuchigayo sanagwe. Ndiye m'boti akamubereka ndi zitenje ziwiri, mfundo zake zolimba ngati akumanga mbuzi yakuba.

Akuyeserera mfundozo pakhonde, anatulukira a Asia, neba wawo wogulitsa usipa, wobadwira kunyanja komweko.

"Amake Lonjezo, mwanayo walakwa chiyani kuti amangidwe chonchi?"

"Ndi za boti izi, anti. Olo litagwedezeka bwanji, pomwe ndili ine ndi pomwe ali iye."

A Asia anatula dengu pansi. Sanaseke, ngakhale kuti ndi munthu woseka ndi pa msonkhano wa chitukuko pomwe.

"Achimwene anga amanyamula alendo pa boti. Aliyense amamuveka jekete yoyandamitsa munthu. Mukudziwa momwe imagwirira ntchito? Mukagwera m'madzi, imakugonekani chagada, nkhope kumwamba kuti muzipuma. Tsono nkhope ikakhala kumwamba, msana uli kuti?"

Doreen anapisa dzanja kumbuyo, nakhudza kaphazi ka Lonjezo. Kenako anayesa kumasula mfundo zija. Zinamutengera nthawi, pouma pomwepo, manja osanjenjemera.

"Mfundo ikanyowa ndiye imamva zake zokha," anatero a Asia. "Mwana m'boti amafunika jekete yakeyake, ya saizi yake. Ikasowa, atsale kumtunda. Boti lopanda majekete musakwere. Likadzaza ngati minibasi ya ku Ndirande, lisiyeni lipite. Pamadzi palibe siteji yotsikirapo."

Tsiku lija litafika, dzuwa lili pamutu, Doreen anafunsa mwini boti za jekete ya mwana. Iye anakanda mutu. Zinalipo za akuluakulu zokha.

"Ingomuberekani, mayi, madzi ali phee lero," anatero mayi wina pamzere.

Doreen anamasula chitenje, napereka mwana kwa bambo ake. "Abambo ake Lonjezo, lero ndi tsiku la anakubala. Berekani."

Bonifasi anayang'ana anzake akuntchito, nayang'ana mkazi wake, kenako anawerama. Anatsala pamchenga atabereka, mfundo ili pakhosi ngati tayi.

Doreen anavala jekete, nakwera boti. Pobwerera kumtunda, mphepo inadzuka. Funde linamenya boti m'nthiti, Doreen n'kugwa chagada pakati pa mipando, msana pa thabwa, madzi mpaka m'makutu. Anzake a m'botimo anamudzutsa akuseka, iye osaseka. Ankaganiza za yemwe akanakhala pakati pa msana wake ndi thabwalo.

Atatsika, anapeza Lonjezo ali mtulo, dovu lonse pa shati yatsopano ya bambo ake.

Amayi anzanga, chitenje ndi chabwino pamtunda. M'boti mwana saberekedwa. Aliyense avale jekete yomukwana, ndipo ya mwana ikasowa, mwanayo atsale. Abambo nawonso ali ndi msana.