Makina a Buluu a ku Khujand

Dzanja langa lamanja linayamba kutupa chaka chimene tinalandira ntchito yopanga matapchani khumi ndi awiri a malo ena omwera tiyi. Tapchani imodzi, chibedi chachikulu chija anthu amakhalapo panja akamamwa tiyi, imadya masikuluwu aatali oposa zana, ndipo onsewo ndinkamanga ine ndi dirilo yakale yachikasu. Sikuluwu ikafika pamfundo ya thabwa, dirilo inkaima mwadzidzidzi n'kundipotokola dzanja. Pofika tapchani yachisanu ndi chinayi ndinali nditayamba kulephera kunyamula ngakhale ketulo.

Shedi ya ukalipentala ku Istaravshan bambo anasiyira ine ndi achimwene anga a Bahrullo. Ndinagwiramo zaka makumi awiri ndi zitatu. Achimwene ndiwo ankalankhula ndi makasitomala, ine ndinkapala matabwa, kusema zitseko ndi kumanga. Zida zathu zonse zamagetsi zinali zachikasu, za kampani imodzi, ndipo zinkabwerekana mabatire. Mabatirewo ankagona kunyumba kwa achimwene. M'mawa ndinkasesa m'shedi powadikira. Masiku ena ankafika ndi limodzi lokha, ena atatengedwa ndi mkamwini wawo Daler, amene ankakhoma makabati a kukhitchini m'nyumba za anthu.

Dokotala atandifinya dzanjalo anandifunsa ntchito yanga. Kenako anati ndikapitiriza choncho, pakatha zaka ziwiri mkazi wanga adzakhala akundimangira mabatani a malaya.

Ndinawauza achimwene za makina ogogoda, aja amene sikuluwu ikalimba sapotokola munthu dzanja koma amaimenya pang'onopang'ono mpaka ilowe. Ndinawauza katatu.

"Bambo ankamanga ndi manja mpaka kufa," anatero achimwene. "Unawamvapo akudandaula?"

"Anamwalira zala zitapindika ngati mizu, achimwene."

"Koma sanadandaule."

Ndiye tsiku lina m'mawa, mphesa zitatha m'minda, anaimika galimoto pakhomo panga n'kuliza hutala.

"Sayfiddin! Kwera tipite ku Khujand, ukasankhe chidole chako chija."

Ndinasangalala ngati mwana, sindingabise. Mkazi wanga Mavjuda anandithamangira ndi ndalama zimene tinkasungira malasha a nyengo yozizira, nati popeza tili ndi galimoto tidutsire kogulitsa malasha pobwera. Njira yonse achimwene ankakamba za matenda awo a shuga, ine ndikungovomera.

Sitolo ya zida inali ya Murodali, amene ndinakhala naye desiki imodzi kusukulu. Ananenepa kwambiri chichokereni kwathu, koma pakamwa panali pomwe paja.

"Eee, taonani! Akalipentala a kwathu atulukira m'tauni! Amwene Sayfiddin, dzanjalo mwamanga nsalu bwanji, alamu akumenyani?"

"Ndi dirilo imene unatigulitsa ija."

"Imene ija ndi yoboolera, iwe umaigwiritsa ntchito ya bulu. Khalani pansi akuluakulu, tiyi akubwera."

Anayala makina atatu pakauntala: achikasu, a buluu, ndi ena ofiira opanda dzina lodziwika. Pansi anatulutsa chipika cha mtengo wa mabulosi chimene makasitomala ankayeserapo, chodzaza masikuluwu ngati nungu.

Ndinayamba ndi ofiirawo. Sikuluwu yachitatu isanalowe anayamba kununkha waya wopsa. Murodali anawalanda n'kuwaponya pansi pa kauntala.

"Awa ndi a anthu okhoma chithunzi cha ukwati kamodzi pachaka. Gwira awa."

Achikasu anali amphamvu, osakana. Sikuluwu yaitali ngati chala inalowa m'chipikamo ngati mu buledi, ndipo dzanja silinamve kanthu. Koma anali olemera, mutu wautali, ndipo ankadziwa liwiro limodzi lokha. Nditayesa kasikuluwu kakang'ono kamkuwa, kaja timamangira mahinjesi a bokosi la mkwatibwi, anakadula mutu pomwepo.

"Awa ndi a pa denga," ndinatero.

"Ndi a mwamuna," anatero achimwene, akupemerera tiyi.

A buluu anali afupi, opepuka, oti n'kulowa nawo m'kati mwa kabati osagunda chigongono. Chogwirira chake chinali chopyapyala, zala zanga zotupazo zinakwana bwinobwino. Anali ndi kabatani kosinthira liwiro katatu. Pa liwiro lotsika kasikuluwu kamkuwa kanalowa mwaulemu n'kuima pomwe ndinafuna, thabwa osang'ambika. Pa liwiro lapamwamba anamanga yaitali ija mofanana ndi achikasu aja. Ndinamanga masikuluwu khumi, kumasula, kumanganso. Ndinali nditaiwala kuti pali anthu.

"Watha kusewera?" anafunsa achimwene. "Murodali, tipatse achikasuwo, opanda batire. Mabatire tili nawo."

"Achimwene, a buluuwa ndi amene akuyenera ntchito yathu."

"A buluu akufuna mabatire awoawo ndi tchaja yawoyawo. Tizikhala ndi mitundu iwiri m'shedi imodzi ngati mitala?"

Murodali anaseka mpaka mimba kugwedezeka.

"Pamenepo akulu akunena zoona, amwene. Makamaka pano poti Daler wadzaza shedi yonse ndi zachikasu. Sabata yatha yomweyi anadzatenga macheka awiri ndi makina osalazira. Anandionetsanso chikwangwani chatsopano pa foni, chokongola bwanji! Dzina lake zilembo zagolide, mwakuti. Ndiye iwe uzigwira pansi pa mnyamatayo, kapena upuma?"

Murodali anayang'ana ine, n'kuyang'ana achimwene, kenako anayamba kupukuta kauntala imene inali yoyera kale.

"Chikwangwani chanji, achimwene?"

"Tikakambirana kunyumba."

"Tikambirane pompano. Chikwangwani cha shedi iti?"

Achimwene anaika kapu pansi. "Mapepala a shedi ali m'dzina langa. Zimenezo ukuzidziwa."

"Ali m'dzina lanu chifukwa bambo atadwala ine ndinali ku usilikali. Munati n'zongolemba chabe."

"Ndipo zaka zonsezi wasowapo chiyani? Tamvera, ine ndatopa, shuga wandimaliza. Daler ali ndi mutu wa bizinesi. Anthu masiku ano safuna zitseko zosema miyezi itatu, akufuna makabati oyera ofika mawa. Iwe palibe akukuchotsa. Uzigwira monga kale. N'chifukwa chake tabwera kuno. Daler yemweyo ndi amene wati tikugulire makinawa, dzanja lichire, uzitha kumanga makabati."

Mawu otsirizawo ndi amene anandilasa. Ine ndinapempha katatu, ndikuwaonetsa dzanja lotupa, anandiuza za bambo. Daler ananena kamodzi, galimoto inabwera pakhomo ndi hutala.

"Murodali," ndinatero, "ndimangire a buluuwa. Ndi mabatire awiri ndi tchaja."

"Amwene, mabatire amenewa salowa m'zida zachikasu."

"Ndamva."

"Usachite zachibwana iwe," anatero achimwene. "Zimenezo ine sindilipira."

Ndinatulutsa ndalama za malasha zija. Achimwene anaimirira, kuvala chipewa, n'kutuluka osatsanzika. Ndinamva galimoto ikulira panja. Murodali anamanga bokosi ndi chingwe osandiyang'ana kumaso, n'kuponyamo timitu tomangira tiwiri taulere.

"Ndimayesa ukudziwa," anatero. "Tauni yonse ya kwanu ikudziwa."

Ndinabwerera pa minibasi, bokosi lili pamiyendo.

Mavjuda ndinamupeza akuyanika tsabola pabwalo. Anayang'ana bokosilo, n'kuyang'ana kumsewu.

"Malasha ali kuti, bambo a Sitora? Nanga alamu?"

Ndinamufotokozera zonse nditaimirira. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatsegula bokosi n'kunyamula makinawo ndi zala ziwiri.

"Ndiye chisanu chikagwa tiziotha chimenechi?"

Sanalire. Anakapatsa mbuzi zathu ziwiri malo kuseri kwa nyumba, n'kuyamba kusesa m'khola. Kholalo ndilo linakhala shedi yanga.

Nditapita kukatenga matchizulo anga osemera, chikwangwani chinali chitakwera kale. Daler anandilandira mwaulemu, manja onse awiri, nati ndidikire apongozi ake abwere adzanene kuti zanga ndi ziti. Ndinadikira panja pa shedi imene ndinaphunziriramo kuyenda. Achimwene sanabwere. Anaimba foni n'kuuza Daler kuti andipatse matchizulo ndi nyundo yamtengo, benchi yanga yopalira ikhale.

Chisanu cha chaka chimenecho sindikufuna kuchikumbukira. Tinkasonkha zidutswa za matabwa ndi ndowe zouma, tonse atatu, ine, Mavjuda ndi mwana wathu Sitora, kugona chipinda chimodzi. Za makinawo sindinganame, anali abwino. Pofika mwezi wachiwiri ndinamasula nsalu kudzanja. Koma makina abwino safuna okha ntchito. Makasitomala ankapitabe kumene anazolowera, ndipo amene ankafunsa za ine ankauzidwa kuti dzanja linandivuta, ndinasiya. Ndinkamanga makola a nkhuku. Ndinkakonza mageti ogwa ndi mipando yothyoka miyendo. Munthu amene zitseko zake zili pa nyumba zabwino za tauni yonse, ndinkagwada m'matope kumanga chitseko cha chimbudzi cha mayi wina wamasiye, ndipo ndinkathokoza.

Ndi achimwene tinkakumana ku mzikiti Lachisanu. Tinkapatsana moni chifukwa anthu ankaona.

Mitengo itayamba maluwa achimwene anabwera kunyumba, wapansi. Anali ataonda, jekete likulendewera. Mavjuda anayala nsalu, kuika buledi ndi tiyi, n'kukhala pakhomo la khitchini pomwe akanatha kumva.

Achimwene anayamba ndi za shuga. Kenako za mvula. Pomaliza anafika pa chimene anadzera.

"Daler wapeza ntchito yaikulu. Holo ya maukwati. Akufuna khonde la nsanamira zosema ndi matapchani makumi awiri, zonse za mabulosi."

"Zabwino zonse."

"Anyamata ake akung'amba matabwa. Azolowera zamakabati, akumanga ngati akumenya mbala. Asakaza kale matabwa a matapchani atatu. Kusema ndiye sadziwa n'komwe." Ananyema buledi koma sanadye. "Ubwere mwezi umodzi. Akulipira patsiku, bwinobwino. Ubwere ndi makina akowo."

"Wakutumani ndi Daler?"

"Ndabwera ndekha, ngati mkulu wako."

"Koma wakutumani."

Ndinayang'ana kukhitchini. Mavjuda anali ataweramitsa mutu, akusankha mpunga umene anali atasankha kale. Ukwati wa Sitora unali woti uchitike mphesa zikapsa, ndipo m'bokosi lake munali zofunda ziwiri zokha.

Lolemba ndinapita.

"Bambo aang'ono, takulandirani!" anakuwa Daler, foni ili kukhutu. "Anyamata, awa ndi madala aja ndinkanena. Muwaonetse pokhala."

Benchi yanga anali ataisunthira pafupi ndi khomo, pomwe pamawomba mphepo, kuti makina odulira akhale pakati. Pamwamba pake panali mabala a macheka ndi penti yoyera. Ndinaipala kaye ndisanayambe ntchito. Achimwene ankakhala pampando panja, ndi ketulo yawo, ngati mlonda.

Ndinasema nsanamira zisanu ndi zitatu. Anyamata a Daler ndinawaphunzitsa kuboola kaye kabowo kakang'ono asanamange, ndi kumvetsera kulira kwa makina kuti adziwe poimira. Sanali ana oipa. Ankalimbirana kubwereka makina anga a buluu chifukwa achikasu awo ankadula mitu ya masikuluwu, ndipo ndinkawabwereka.

Sabata yachinayi kunabwera mwini holo kudzaona ntchito. Anasisita nsanamira imodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi, nafunsa kuti wasema ndani.

"Tili ndi anthu athu," anatero Daler. "Madala awa ndimawaitana kukakhala ntchito zachikalekale ngati izi. Amathandiza ndithu."

Mwini holoyo anandigwedezera mutu n'kupitiriza kulankhula ndi Daler. Achimwene anali pomwepo, mapazi atatu kuchokera pamene ndinaima. Anatsegula ketulo n'kusuzumiramo.

Ntchito inatha pa sabata yachisanu. Ndikulongedza matchizulo, Daler anabwera n'kukhala pa benchi, miyendo ikulendewera.

"Bambo aang'ono, pali kankhani. Makina anu aja anyamata awakonda. Bwanji mundigulitse? Kunyumba kuja, za makola a nkhukuzo, dirilo wamba ikukwanirani. Ndikupatsani yakale ija yaulere."

Ananena ndi mtima woyera, akumwetulira. Ndikhulupirira mpaka lero kuti ankaona ngati akundichitira zabwino.

"Sagulitsidwa," ndinatero.

"Ganizirani kaye, musafulumire."

"Ndaganiza."

Ndinatseka bokosi n'kutuluka. Pakhomo achimwene anandiitana.

"Sayfiddin. Za ukwati wa mwana, mudzatiuze tsiku msanga. Daler wati akubwerekani matapchani awiri, alendo adzakhalepo."

Ndinati ndamva, ndipo ndinapita kukakwera minibasi.