Pulena ya a Dzimbiri

A Dzimbiri ankanyoza zinthu zambiri padziko pano, koma pamwamba pa zonse panali penti. Ankati penti ndi bodza logulitsa m'chitini: munthu akalephera kukonza chinthu amangochipaka, mbuli n'kumawomba m'manja. Dzina loti Dzimbiri anawapatsa ndi anthu a m'mashedi, chifukwa ntchito yawo inali kutola makina akale a matabwa amene eni ake anawataya kuseri kwa mafakitale, kuwaphwasula, n'kuwadzutsanso. Ntchitoyo ankaidziwa, tisawanamizire. Ankangoyang'ana miyendo ya sowo yamakina n'kutchula fakitale imene inaiumba. Vuto linali lakuti iwonso ankadziwa kuti amadziwa.

Shedi yawo inali kumapeto kwa msewu wa owotcherera, ndipo mbali imodzi ankagwiramo mwana wawo wamkazi, kalipentala wa zitseko ndi mafelemu a mawindo. Mwa ana onse ndi iye yekha amene anatsala. Enawo anathawa pakamwa pa bambo awo atangomera ndevu. Iye anapirira chifukwa cha pulena, chimakina chachitsulo chimene chinkameza thabwa lokhakhala mbali ino n'kulilavula losalala mbali inayo. A Dzimbiri anachipulumutsa kwa ogula zitsulo zakutha, ndipo chinagwira ntchito mosadandaula mpaka tsiku limene giya yokoka matabwa inaguluka mano.

Nkhani yake inali yaing'ono. Mmisiri wosema zitsulo wa kutsidya kwa msewu anati amupititsire giya yothyokayo aseme ina yofanana nayo. A Dzimbiri anatsonya mpaka wosemayo anachita manyazi ngati watukwana.

"Ndiike chitsulo chongoyerekeza m'mimba mwa makina amene sindikudziwa bambo wake?"

Apa ndiye panagona nkhani. Pulenayo ndi makina okhawo amene anawakanika kuzindikira. Kachitsulo kolembedwa dzina la fakitale kanazulidwa kalekale, panangotsala timabowo ta misomali. Miyendo inkaloza fakitale ina, gudumu lokwezera tebulo linkaloza inanso. Pamene makinawo ankalira bwino, a Dzimbiri ankaubisa umbuli umenewu m'phokoso. Tsopano mnzawo wina wakutali, mwini bwalo lodzaza makina akufa, anawauza pafoni kuti akangotchula fakitale awatumizira giya yeniyeni. Iwo anangoti aimbanso. Sakanatha kunena kuti sakudziwa, pakuti mawu amenewo anali asanadutsepo pakhosi pawo.

Ndiye anaphwasula pulena yonse kusaka chilembo kapena nambala youmbidwa m'chitsulo. Mabawuti analowa m'zitini, mipeni inakulungidwa m'nsanza za oyilo, tebulo linatsamira khoma. Anaunika ndi tochi m'kati mwa thunthu, anapukuta girizi wakale ndi palafini, anagona chagada pa simenti ngati wokonza galimoto. Sanapeze kanthu.

Mvula inabwera n'kupita makina ali m'zitini. Mwana wawo ankapala matabwa ndi pulena yamanja, zikhatho zili matuza okhaokha, phewa likumudzutsa m'tulo. Anthu ofuna zitseko anayamba kulambalala, kupita kwa akalipentala a timakina tatsopano. A Dzimbiri ankatitcha timalata tolira, ndipo ankati thabwa lopalidwa ndi timeneto silingalowe m'nyumba mwawo. Zoti eni timalatawo akumaliza ntchito pamene mwana wawo akupaka mankhwala paphewa, ankaziona ngati nkhani ya anthu ena.

Tsoka linanso n'lakuti mwanayo anakwatiwa ndi wopenta nyumba. Chikwatire, a Dzimbiri sanamutchulepo dzina mkamwini wawoyo. Ankangoti Wapenti, ndipo ankalitchula ngati akulavula njere. Wapenti anali munthu wofatsa, wa zikhadabo za mitundumitundu, amene ankapereka moni atagwira chipewa m'manja n'kulandira "mm" yekha. Ndi iye amene anamupezera mkazi wake benchi m'shedi yaikulu ya m'tauni ina, kumene makina ankalira kuyambira m'mawa.

Mwanayo sanazungulire. Anawapeza bambo ake akutsuka bawuti imene anali ataitsuka kale.

"Ababa, mwezi uno ukatha pulena isakulira, ine ndikunyamuka. Ana ndipita nawo."

A Dzimbiri anaseka, nati apite akaone ngati timalata timalera munthu. Koma mantha anawagwira, mantha enieni. Mkazi wawo anamwalira kale, ndipo munthu yekhayo amene ankawafunsa ngati adya anali mwana ameneyu. Ankadziwa kuti akachoka, shediyo idzatsala ndi iwo, zitini, ndi makoswe. Njira yomuletsa inali kutsidya kwa msewu, kwa wosema zitsulo. Iwo anasankha kusaka dzina ndi mphamvu zoposa kale.

Panatsala malo amodzi: pamimba pa thunthu, kutsogolo, pamene penti anaunjikana mochindikala ngati chikhatho cha mlimi. Aliyense amene anakhalapo mwini wa makinawo anapakapo wake, wobiriwira, wotuwa, wabuluu. A Dzimbiri anaganiza kuti zilembo zoumbidwa, zikakhala zosatukuka kwambiri, zikhoza kukwiririka pansi pa zinyalala zimenezo.

Wapenti, amene anabwera kudzatenga mkazi wake, anamva zimenezi n'kudzipereka. Anati iye pa zitseko zakale amachotsa penti pang'onopang'ono ndi lezala ndi sandipepa wosalala, mtundu umodzi kenako unzake, ndipo akhoza kuchita chimodzimodzi madzulo akaweruka. Sanali kudziwa kanthu za makina, ankangofuna kuti mkazi wake asachoke ndi mtima wowawa. Anawonjezanso, mwaulemu wake, kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambi umenewo ndi umene unamuonongera zonse.

"Wapenti andiphunzitse ine chitsulo? Fakitale yodzilemekeza imaumba dzina lake m'chitsulo. Zapamwambazi ndi litsiro la anzako."

Loweruka m'mawa anagula soda wotentha uja wotsegulira mipope, anamusungunula m'madzi n'kusakaniza ndi utuchi kuti agwire. Anamata pamimba ponse pa makina, anaphimba ndi masaka, nakhala pampando kudikira, miyendo itapingasa. Fungo linathamangitsa ngakhale owotcherera a pafupi. Dzuwa litafika pamutu anavundukula masakawo. Penti yense anali atatupa n'kukwinyika. Anauza mwana wawo kuti aime kumbuyo ndi ndowa ya madzi otsukira, anatenga chopalira chachikulu, anachizika pamwamba penipeni mpaka chinakhudza chitsulo, n'kukoka kamodzi mpaka pansi. Ankafuna Wapenti, amene anaima pakhomo, aone mmene amuna amagwirira ntchito.

Penti wa zaka zonsezo anasendeka pamodzi, phala lobiriwira, lotuwa, labuluu, ndipo pansi penipeni lakuda. M'lakudamo munang'anima golide. Zinali zilembo, zolembedwa ndi bulashi, ndi dzanja la munthu wodziwa, zokhala ndi michira yopindika. A Dzimbiri anaona mimba ya chilembo chimodzi ndi mwendo wa chinzake zikutsetsereka pa chopalira, zikusungunuka iwo akuyang'ana. Anaponya chopaliracho n'kugwira phalalo ndi zala kuti alitambasule. Soda anawaluma, golide anapakika pa zala, n'kusanduka matope. Anayang'ana mbali imene sanapale, koma uko soda anali atadya kale, golide akuchucha m'mizere kulowera pa simenti. Chitsulo chimene chinatsala chinali chosalala, chotuwa, chopanda ngakhale kadontho.

Chowawa kwambiri n'chakuti ankadziwa. Anamvapo kalekale kuti mafakitale ena ang'onoang'ono sankaumba dzina, ankaitana wolemba ndi bulashi makina akatha. Anazimva n'kuzitaya, chifukwa fakitale yodalira wapenti sinali yoyenera kukhala m'mutu mwawo. Dzina limene analisaka chagada pa simenti linali pamenepa nthawi yonseyi, ndipo analipha ndi dzanja lawo.

Mwana wawo anawathira madzi pa zala. Anali ataima pafupi, ndipo maso ake anali akuthwa kuposa awo.

"Mwaona chiyani, ababa?"

"Palibe. Zinyalala za apenti."

Mwanayo anayang'ana matope a golide amene ankayenda ndi madzi kupita kungalande, kenako anayang'ana bambo ake. Sanawatsutse. Anawamvera chisoni, ndipo chifukwa cha chisonicho anawatsegulira khomo lotulukira. Anati popeza palibe, ndiye kuti asaka ponse ndipo palibe amene angawanene. Lolemba iye mwini atenga giya kupita nayo kwa wosema zitsulo, iwo angomanga makinawo, ndipo za kutauni zija aziiwala.

Ankangofunika kugwedeza mutu basi. A Dzimbiri anafuna kutero, mtima wawo wonse unafuna. Koma pakhomo panali Wapenti, chipewa chili m'manja, akuyang'ana pansi mwaulemu ngati sanaone kanthu, ndipo ulemu umenewo unawapsetsa mtima kuposa soda. Kuvomera kukanakhala kuvomera pamaso pake.

"Dzina lilipo penapake," anatero, akupukuta zala pa ovolosi. "Kunsi kwa miyendo sindinayang'ane bwino."

Mwanayo anatula ndowa pansi. Sanalire, sanakweze mawu. Anapita kukhoma, anatenga sipanala, nayamba kumasula vayisi yopanira matabwa pa benchi yake kuti anyamuke nayo. Mwamuna wake analowa kudzamugwirira, ndipo aka kanali koyamba kuti aponde m'shedimo osapempha. A Dzimbiri anagwada pafupi ndi thunthu lopanda dzinalo n'kumaunika kunsi kwa mwendo umene ankaudziwa bwino kuti ulibe kanthu. Ankamva bawuti iliyonse ikugwa pa simenti kumbuyo kwawo. Anamva matchizulo akukulungidwa m'chiguduli, sowo ikutsika pa msomali. Anasakasaka mawu omuimitsa mwana wawo. Amene anatuluka ndi amene pakamwa pawo panazolowera.

"Sipanala imeneyo ndi yanga. Ukamaliza uibwezere pamalo pake."

"Ndibwezera, ababa."

Ndipo anaibwezeradi, anaipukuta kaye ndi nsanza, n'kuikoleka pa msomali wake asanatuluke.