Mipando ya kwa a Esau

Nkhungu inali isanachoke m'makhofi pamene Daphne ankatsika phiri atasenza mipando iwiri yobwereka kwa alamu ake, a Esau. Kunkabwera mlendo wolemba mabanja ovutika oti adzalandire mbewu ndi feteleza. Apongozi ake anali atamuchenjeza kuti munthu wa pepala ngwoopsa, amaona ndi zomwe sunamuonetse. Koma ku Misuku mlendo sumukhazika pafumbi, ngakhale uli wamasiye wa ana atatu, nkhokwe ili mbee.

Mlendoyo anali mtsikana wa ku Ntcheu, dzina lake Chisangalalo. Anayesa kupereka moni wa kuno, lilime linamukana, onse anaseka. Anakhala pampando nayamba kufunsa za denga, za mbuzi, za kangati amadya patsiku. Daphne ankayankha maso ali kuphiri la Mughese, kumene mitambo inkatuluka m'nkhalango pang'onopang'ono ngati ng'ombe zoyera. M'mitambomo ankaona munda wake utabiriwira, chimanga chitamupitirira msinkhu, ana ake akuitanizana m'kati osaonana.

"Mtundu wanu, mayi?"

"Ndine Msukwa."

Mtsikanayo anayendetsa chala papepala, kutsika, kukweranso. Ananena mwaulemu kuti dzinalo palibe, awaika pa bokosi la ena.

"Ena ndiye ati, mwanawe? Agogo anga agona kuseri kwa nthochi uko. Amene wabwera dzana ndiwe."

Chisangalalo anaseka mwamanyazi, nati si iye anakonza pepalalo. Analemba ndithu. Apa mpamene munthu uyenera kugwira mtima, chifukwa mtima ukatentha pakamwa pamayankha pokha. Mtsikanayo anasisita mpando wopaka vanishi uja, nafunsa ngati mipandoyo ndi ya pakhomo pano.

Daphne anadziwa yankho lomwe likanabweretsa feteleza. Koma anali atangochotsedwa dzina la mtundu wake pakhonde la malemu mwamuna wake, ndipo kuti atchedwenso wopempha mipando m'mawa womwewo, zinamukanika.

"Ndi yanga. Ilinso ina m'nyumbamu."

Cholembera chinayenda. Mlendo anatsazika bwinobwino, nalowa m'nkhungu mpaka chikwama chake chinasowa.

Mayina atawerengedwa pabwalo la sukulu patapita masabata atatu, la Daphne silinamveke. Apongozi ake sanamukalipire. Mvula yoyamba itagwa, Daphne anamasula ngala zisanu za chimanga zakuda ndi utsi zomwe zinkalendewera kudenga la khitchini, anatonola ndi chala chachikulu, napita kukabzala m'nthaka yomwe ija yotopa.