Mitengo Yotchinga Nyanja

A Clive Danaher anagula nyumba ya pamtunda ku Mirrabee ndi cholinga chimodzi basi: akapuma pantchito azikhala pakhonde, botolo kumanja, maso kunyanja. Koma pakati pa khondelo ndi nyanja panali mitengo ya banksia ya khonsolo, ndipo chaka ndi chaka inkangotalikira. Nyanja inatsala kuoneka pa kampata kamodzi, pawindo la kuchimbudzi, munthu ataimirira pa ndowa.

Khonsolo itaitanitsa msonkhano wokambirana za malo a m'mbali mwa nyanja, a Clive anavala jekete yawo ya pamaliro n'kukalankhula mpaka thovu kukamwa. Ankafuna mitengo idulidwe, pabzalidwe kapinga. Makhansala anamvetsera mwaulemu, kenako onse anakweza manja kuti mitengo ikhale, poti ndi imene imagwira mchenga.

"Mwaluza, ingovomerani," anatero akazi awo, a Noelene, pobwerera. "Nyanja mukaifuna, miyendo muli nayo."

"Ine ndinagula nyumba yoona nyanja, osati nkhalango."

"Munaigula motchipa chifukwa cha nkhalango yomweyo. Musandiyambe."

Amati ukalamba umabwera ndi nzeru, koma ena umangowapatsa nthawi yochitira zopusa. Loweruka la fainolo ya mpira, tauni yonse maso ali pa kanema, a Clive anatsetsereka ndi chobowolera ndi chigubu cha mankhwala ophera udzu. Tsinde lililonse kubowola, kuthira, kumata ndi dothi. Posakhalitsa masamba anafiira n'kuyoyoka, nyanja yonse poyera. A Clive anatha mlungu ali pakhonde, mtima uli myaa, ndipo munthu akamadutsa iwo ankapukusa mutu mwachisoni. "Chilala ichi, abale," ankatero.

Ndiye kunabwera chigalimoto. Antchito a khonsolo anatsitsa makontena awiri adzimbiri, aja a m'sitima, n'kuwasanjikiza ndendende pamene panali mitengo. Pamwamba anapachika chinsalu cha zilembo zikuluzikulu: MITENGO YA PANO INAPHEDWA NDI POIZONI. Chinsalucho sichinayang'ane kumsewu ayi, chinayang'ana khonde la a Clive.

Anathamangira komweko ndi masilipasi. Anapeza Mayi Tuala, oyang'anira mitengo kukhonsolo, akubzala timbande kuseri kwa makontenawo.

"Mayi, zinyalala izi zichoka liti?"

"Mitengo iyi ikadzafika pamene inafika inzake ija, bambo."

A Clive anayang'ana timbandeto. Sitinkafika n'komwe m'mawondo.

"Ndiye zaka zingati zimenezo?"

"Ikamathiriridwa bwino, khumi ndi zisanu. Ikafa tibzala ina, tiyambirenso kuwerenga." Mayiwo anamwetulira. "Sitikunena kuti ndinu. Paja ndi chilala, eti?"

A Clive anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi mphambu zinayi. Anachita masamuwo ali chiimire.

Kunyumba anapeza a Noelene atatulutsa ndowa ija kuchimbudzi.

"Tengani, kuno ntchito yake yatha. M'mawa uliwonse ndimakwera pamenepa n'kuona nyanja yanga, osadandaula kwa munthu. Kampata kanga kaja mwakadya, a Clive."

Manyazi anawagwira zedi. Analandira ndowayo.

Masiku ano ku Mirrabee kulibe mlonda wa mitengo woposa a Clive. Dzuwa lisanapse amakhala atatsetsereka kale ndi ndowa yodzaza, ndipo galu akangokweza mwendo pafupi ndi kambande, mwini wake amamva zosayenera kulembedwa. Anzawo a kumowa nawo sawasiya. Amaimitsa galimoto dala n'kukuwa kuti, "Madala, nanga ana akukula?"

A Clive sacheuka. Amagwada movutikira, mawondo akulira, n'kuthira madzi pang'onopang'ono kuti mchenga usakokoloke. Kuseri kwa makontena mafunde amamveka bwinobwino.

"Kula msanga, mwanawe," amanong'oneza kambande. "Mnzako ndilibe nthawi."