A Kelepi Athawa Mthunzi

Tsiku limene boti linabweza a Hulita kuchokera kuchipatala cha ku Pangai, Tisiola anakawachingamira padoko, ndipo atangowaona mtima unangoti myuu. A Hulita anali mlamu wake, mlongo wa mwamuna wake a Kelepi. Anali mayi wamtali amene ankati akalowa m'tchalitchi ana ankasiya okha kunong'onezana. Koma tsikulo anatsika m'boti atagwira msana, mkeka umene kuno timavala m'chiuno mwaulemu ukuwakhwepa.

Kalesita, namwino wa pachilumba chathu, ndiye anawaperekeza ulendowo. Anakokera Tisiola pambali.

"Mayi, ndiuze inu, chifukwa eni akewo amangondiyankha kuti eya, eya. Matenda a m'chikhodzodzo aja ulendo uno anakwera mpaka ku impso. Mukudziwa nokha mmene akhala akubwererabwerera chaka chino. Mapiritsi amene ankawachiza poyamba aja, tizilombo tawazolowera."

"Ndiye titani, mwanawe?"

"Azimwa madzi ambiri, ndipo akangomva mkodzo azinyamuka, asamausunge. Mankhwalawa amalize onse, ngakhale atadzuka ali bwino mawa. Akamva kuwotcha pokodza abwere tsiku lomwelo, osadikira kuti thupi litenthe. Zonsezi ndawauza mpaka malovu kuuma m'kamwa."

Panalinso nkhani ina imene Kalesita anainena motsitsa mawu. Losaline, mwana wa a Hulita wa ku Auckland, anali ataimba foni kuchipatala komweko. Ananenetsa kuti akubwera pa Khirisimasi, ndipo akadzamva kuti amayi ake anakweranso boti la odwala, adzawatenga basi, zokambirana sipadzakhala. A Hulita ku Auckland anapitako kale, ndipo anabwerako akunena kuti ankangokhala pawindo ngati mphaka. Manda a amuna awo ali kuno, anzawo oluka nawo ali kuno, mlongo wawo mmodzi yekhayo ali kuno. Tisiola ankadziwa kuti kuwachotsa pachilumbachi kunali kuwaika m'manda akupuma.

A Kelepi ankangodziwa kuti alongo awo akuvutika ndi msana. Sakanadziwa zoposa pamenepo. Kwathu kuno munthu ndi mlongo wake sakhala pamkeka umodzi, salowerana kuchipinda, ndipo nkhani ya kumunsi kwa mchombo sitchulidwa onse awiri ali pomwepo. Ndi ulemu umene tinaupeza, ndipo a Hulita ndi a Kelepi ankausunga kuposa wina aliyense, poti anakula ali awiriwiri amayi awo atamwalira.

Mlungu usanathe a Hulita anali atabwerera kunyumba yolukira mikeka, kumene amayi amakhala mondondozana pamkeka umodzi wautali kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Iwo ndiwo ankatsogolera, ndipo popanda iwo mizere inkakhota. Tisiola anatunga madzi a mvula m'thanki, nadzaza botolo lalikulu, n'kukaliika pambali pa bondo lawo.

"Alamu, madzi awa."

"Ndawaona. Maso ndili nawo."

Ananyowetsa milomo, n'kutseka botolo. Pofika masana madzi anali pomwe paja. Tisiola analusa chamumtima. Munthu wanzeru chonchi, wodziwa kulangiza mudzi wonse, angalephere bwanji kumeza madzi? Koma mlongo wa mwamuna wako sumukalipira, choncho anangotseka pakamwa n'kutsekula maso.

Zimene anaona ndi izi. Chimbudzi cha nyumba yolukira chili kuseri, ndipo kanjira kake ndi kamodzi, kopanikizika pakati pa mpanda wa nkhumba ndi mtengo waukulu wa mango. Pansi pa mtengowo ndi pamene a Kelepi ankakhala tsiku lonse akusoka maukonde a anthu, kuyambira chaka chatha pamene bondo linawaletsa kupita panyanja. Amayi onse ankadutsa pomwepo akuseka nawo. A Hulita okha sankanyamuka. Ankangosinthasintha kakhalidwe, kupanikiza miyendo, thukuta lili mbuu pamphumi, zala zikuluka. Ndipo dzuwa litapendeka, a Kelepi atanyamuka kupita kukasamba, mayi uja anadzambatuka n'kulowera kuseri mwaliwiro losayenera msinkhu wawo. Tisiola anakumbukira kuti matendawa anayambanso chaka chatha chomwecho.

Mawa lake anakhala moyandikana nawo, nafunsa monong'ona.

"Alamu, kodi ndi mtengo uja?"

"Luka, iwe. Mzere wako wakhota."

"Ndafunsa ngati mwana wanu."

A Hulita anapitiriza kuluka. Kenaka anati, "Ndidutse pamaso pa mlongo wanga, iye akudziwa kumene ndikupita? Ndi imvi zangazi? Iye mtengo uja ndi umene wamutsalira. Nyanja anamulanda, ndimulandenso mthunzi? Ukakangomuuza, ine ndi iwe tathana."

Tisiola anasenza nkhaniyo tsiku lonse, ikumulemera. Kunena kunali kuvula mlamu wake. Kukhala chete kunali kumukweza ndege ya ku Auckland. Madzulo akupakulira mwamuna wake zilazi ndi nsomba, anayamba mozungulira.

"Bambo, mukakhala pansi pa mtengo wanu paja mumaona chiyani?"

"Nyanja. Ndi akazi a eni ake okongola kuposa wanga."

"Ndiye mawa muwayang'anitsitse akazi a eni akewo. Muone amene akudutsa, muonenso amene sakudutsa."

"Nsanje yayamba ukalamba uno?"

"Idyani, nsomba ikuzizira."

M'mawa mwake Tisiola anasankha malo oti azitha kuona mtengo uja. Woyamba kudutsa anali Vika, mayi wa pakamwa posatseka.

"A Kelepi, ukonde umenewo mudzaumaliza Ambuye atabwera."

"Ndikuukulitsa dala, mayi, kuti mudzakwanemo inu."

Anadutsa ena, aliyense ndi kake konena, ena kawirikawiri poti tiyi wa m'mawa sachedwa. A Kelepi ankayankha onse. Koma dzuwa litafika pamutu mayankho anayamba kufupika, ndipo litapendeka Tisiola anaona kuti manja a mwamuna wake aima. Anali atayang'ana kunyumba yolukira, kumene kunkaoneka msana wowongoka wa munthu mmodzi amene sanasunthe chiyambire m'mawa. Kenaka anaweramitsa mutu, ngati munthu amene waona chosayenera kuona.

Madzulo amenewo sanafunse kanthu, ndipo chakudya anangochitola pang'ono. Tisiola anachita mantha. Ankaopa kuti bamboyo angosamuka mwakachetechete, a Hulita n'kuzindikira kuti mlongo wawo wadziwa. Manyazi amenewo akanawapweteka kuposa matenda.

Kutacha, amayi atangokhala pamkeka, kunja kunabuka phokoso. Anali a Kelepi, munthu amene chikwatirane Tisiola anali asanamumvepo akukalipira ngakhale galu.

"Ndatopa nazo! Usiku mileme kundinyerera maukonde, masana akazi kundiboola makutu. Kulongolola kokhakokha ngati nkhuku zoikira. Munthu angagwire ntchito pamalo potere?"

Amayi anatuluka, pakamwa pali yasaa. Vika anagwira m'chiuno.

"Nkhuku zoikira ndi ife? Inu amene mumatiitana nokha kuti tikuchezetseni?"

"Makamaka inuyo, mayi. Mawu anu amathawitsa nsomba ku Pangai."

Anaunjika maukonde muwilibala, naikapo kampando kawo, n'kuyamba kukankha motsimphina kulowera kugombe. Anakakhala kumchenga kumene chimphepo cha chaka china chinazula mitengo yonse, popanda ngakhale tsamba loti n'kubisa mutu wa mwana. Tisiola anaima pakhomo, manyazi ndi chimwemwe zikulimbana m'chifuwa. Galu wamkota sakandira pachabe, koma panalibe wina anadziwa chimene galu ameneyu ankakandira. Bamboyo anasankha kuti mudzi umuyese wamwano, bola mlongo wake asagwetse nkhope. Tisiola anakhala naye zaka zambiri, anamuberekera ana, koma tsiku limenelo ndi limene anamukonda kwambiri.

A Hulita nkhope inali itagwa ndithu, koma pa chifukwa china.

"Mwamuna wako mutu wayamba kuzungulira? Ukamuuze kuti mlongo wake wati amayiwa awapepese. Kwathu sitinaleredwe choncho."

Mawu a mlongo kuno sabwezedwa. M'mawa mwake pakhomo la nyumba yolukira panapezeka wilibala yodzaza ndi kokonati zanthete, zosendasenda, zongofuna kuboola. A Kelepi anali atazigwetsa okha ndi ndodo ya ngowe kusanatenthe. Anaima patali, chipewa chili m'manja, nauza mkazi wawo mokweza kuti onse amve.

"Uwauze amayiwo kuti ndinalakwa. Yaikuluyo ndi ya alongo anga. Akaikana ndidziwa kuti sanandikhululukire."

Nanga akanakana bwanji anthu onse akuona? A Hulita anaiboola, namwa mpaka kuipendeketsa. Patapita kanthawi anayang'ana kumtengo kuja. Pansi pake panali nkhumba yokha ikudya mango akugwa. Anaika masamba olukira pansi, nanyamuka, n'kuyenda pang'onopang'ono ngati akupita kukapereka chopereka. Tisiola anaweramira pamkeka kuti asaonetse mano.

Wilibala ija inabweranso mawa lake, ndi mkuja wake. Vika anafunsa kuti kupepesa kwake kudzatha liti, a Kelepi n'kuyankha kuti mlandu wonyoza akazi sutha msanga. Botolo la madzi a m'thanki nalonso linayamba kutsika, mpaka a Hulita anayamba kulitumiza okha kuti likadzazidwenso. Ndipo poti iwo chinthu akachigwira amachigwiradi, anasanduka mlaliki wa madzi. Mtsikana akamadzipotokola pamkeka ankamuthamangitsa. "Nyamuka, mkeka suthawa. Ndipo podzipukuta uziyambira kutsogolo kupita kumbuyo, wamva? Ine impso zanga zinandiphunzitsa, iwe usadikire zako."

Amene analipira anali a Kelepi. Dzuwa la kugombe linawasupula khosi, mchenga unkawaotcha mapazi, ndipo bondo linkatupa chifukwa chokankha wilibala. Kumalo omwera kava, chakumwa cha mizu chimene abambo amamwa madzulo, amuna anzawo anawapeza pothera nthabwala, ati munthu wothamangitsidwa ndi mileme. Iwo ankaseka nawo. Tisiola ankawapaka mafuta a kokonati pakhosi madzulo, ndipo tsiku lina anati, "Bwanji muzikhala pakhonde pathu?"

"Pakhonde pathu njira ija imaonekera," anayankha motero, ndipo nkhaniyo sanaibwerezenso.

Matenda otere sachoka ngati mlendo wotsanzika. Mwezi wa Novembala, m'mawa wina, a Hulita anamva kuwotcha kuja. Kale akanaluma mano mpaka kuzizidwa kuwagwetse. Ulendo uno anavala mkeka wawo m'chiuno n'kupita okha kwa Kalesita tiyi asanamwe. Analandira mapiritsi, anawamaliza onse, ndipo boti la odwala silinawaone.

Losaline anafika pa Khirisimasi ndi chikwama china chopanda kanthu, choti adzalongezemo katundu wa amayi ake. Anakafunsa kwa Kalesita, nabwerako akukayikabe. Ndiye anakhala tsiku lonse m'nyumba yolukira, akuwaona amayi akewo akumwa, akunyamuka, akubwerera, akukalipira Vika chifukwa cha mzere wokhota. Atatchula za ndege, a Hulita sanakweze n'komwe maso.

"Chikwamacho uikemo zilazi. Ana ako aonde chifukwa chiyani?"

Losaline anabwerera yekha, chikwama chili ndi zilazi.

Boti lake litangozimiririka, a Hulita anaitana Tisiola kunyumba kwawo. Anatulutsa mkeka wokulungidwa, wochindikala, wa masamba olimba aja osaopa mvula. Anali ataulukira kunyumba, okha, popanda wina kudziwa.

"Upeze mitengo inayi, ukamumangire munthu wako uja pamwamba. Khosi lake lija likundichititsa manyazi m'tchalitchi."

"Alamu, ntchito yonseyi chifukwa cha munthu wothawa mileme?"

A Hulita anamuyang'ana, maso ali ndi madzi koma mawu ali owuma monga mwa masiku onse.

"Mtengo uja ndinaukwera ndili kamtsikana. Mileme sinagonemo n'kamodzi komwe."

Tisiola ananyamula mkekawo pamutu n'kutsikira kugombe. A Kelepi anamuthandiza kukumba maenje osafunsa kanthu. Atamanga, anaima pansi pake n'kuyang'ana m'mwamba. Anayendetsa chala m'mphepete mwa mkekawo, mmene munali kalukidwe kopinda kawiri kamene amayi awo ankaluka, kamene pachilumba chonse katsala m'manja mwa munthu mmodzi. Anakhala pakampando kawo, navula chipewa, n'kuchiika pabondo.

"Ndikawauze chiyani alamu?" anafunsa Tisiola.

A Kelepi anatola ukonde, nafunafuna pamene analekezera, ngakhale panali poonekeratu.

"Ukawauze kuti wilibala ibwera m'mawa."