Kochi wa Kumbuyo kwa Golo

Ba Lombe anagwira pagolo la timu ya mgodi wathu ku Luanshya zaka khumi ndi zisanu, ine ndikutchinga kutsogolo kwawo. Bondo litawakana, akomiti anawapatsa ukochi, ine n'kukhala wachiwiri wawo. Tinaluza magemu asanu otsatizana, ndipo wapampando, Ba Nkonde, anatiuza kuti tikaluzanso Loweruka, tonse awiri ntchito yatha.

Lowerukalo, wina aliyense asanagoletse, Ba Lombe anandikoka malaya pabenchi.

"Mpundu, wataya mpirayo ndi wathu?"

"Ndi Chabu, Kochi. Mumamuphunzitsa tsiku ndi tsiku."

"Chabu amathamanga chonchi? Nanga enawa akupita kuti? Tikuukira kapena tikuthawa?"

Ndinapsa mtima. Munthu amene ankandikalipira mpira usanadutse n'pakati pomwe, lero azindifunsa ngati mlendo padepoti?

"Mwalawako, Ba Lombe?"

"Achimwene, sindikuona kanthu. Moyo wanga wonse mpira ndauonera kumbuyo, ukubwera kwa ine. Panopa ukungondidutsa cham'mbali. Anyamatawa ine ndimawadziwa misana."

Magemu asanu onse aja ndinkati akuganiza mozama.

Chigawo chachiwiri chitangoyamba, anadzuka, n'kulowa m'bwalo, n'kukauza woyimbira mpira kuti wenzuloyo akapatse mwana wake aziseweretsa. Khadi lofiira pompo. Iwo anathokoza mwaulemu n'kutuluka. Ndinati basi, mutu wabalalika.

Posakhalitsa ndinawaona kumbuyo kwa golo lathu, ataphatikizana ndi ochemerera a ng'oma, maso atayera ngati kale. Kumeneko ankaona zonse. Ankaloza, ankazunguza manja, ankakuwa mpaka misempha ya pakhosi kutuluka, koma kubenchi kunkangofika ng'oma zokha. Foni yawo inali m'jekete imene anaisiya pambali panga.

"Akuti chiyani Kochi?" anandifunsa dokotala wa timu.

"Ndidziwe bwanji ine?"

Zaka zonse zija ndinkawamva ndi makutu, osacheuka n'komwe. Za manja sitinapanganepo. Ndinadzutsa wosewera mmodzi kuti alowe, ndinamukhazikanso, ndinamudzutsanso. Anandiyang'ana mondimvera chisoni.

Itatsala mphindi imodzi, wakutsogolo wa timu inayo anathyola n'kutsala yekha ndi goloboyi wathu. Asanamenye n'komwe, Ba Lombe anadziponya kumanzere, thupi lonse m'malere, n'kukagwera pa ng'oma za anthu. Goloboyi wathu anagwera kumanja. Mpira unalowa kumanzere.

Pageti, Ba Nkonde sanatipatse moni. Anangotambasula dzanja kuti tiwapatse makiyi a chipinda cha majezi, ndipo ndinawapatsa.

Tinayenda wapansi kulowera kukomboni, Ba Lombe akutsimphina, chigongono chikutuluka magazi. Titafika pa njanji anaima.

"Mpundu, unandiona? Uja ndikanagwira."

Ndinkafuna kuwatukwana, koma ndinangoti:

"Ndinaona, Kochi. Unali wanu uja."